Anthu Anayi ndi Chitseko Chimodzi: Za Kuwawa ndi Kuthyoka kwa Msana

Mwezi wa Disembala kuno ku Chadiza ndi mwezi wa khasu ndi mango. Munali m'mwezi womwewo, zaka zingapo zapitazo, tsiku Loweruka dzuwa litapendeka, pamene ndinali kuchokera kophunzitsa ana a Ukaristia woyamba ku tchalitchi china cha kumidzi. Ndili kupalasa njinga ndinamva mfuu kuseri kwa mudzi, ndipo ndinapatuka. Bambo wina, mkhristu mnzathu wa ana asanu, anali atakwera mumtengo kuti athyole mango okagulitsa ku boma. Nthambi inathyoka, iye nagwera pansi chokhala.

Ndinampeza ali gone patsinde pa mtengowo, thukuta lili kamukamu. Atandiona anati, "Aphunzitsi, msana wanga wapita." Chimene sindidzaiwala mpaka kumanda ndi ichi: zala za kumapazi kwake zinali kugwedera. Ndinaziona ndi maso angawa.

Tinachita zimene chifundo chinatiuza. Tinamdzutsa kuti akhale tsonga, tinammwetsa madzi, wina namsisita pamsana. Kenaka anyamata awiri anamgwira m'khwapa, ine ndi mlamu wake tinagwira miyendo, ndipo tinamkweza m'ngolo atapindika ngati thumba la chimanga losadzaza. Ng'ombe tinazithamangitsa pa msewu wokumbikakumbika. Pofika kuchipatala miyendo yake inali zii, yosamva ngakhale kutsinidwa.

Dokotala atayang'ana chithunzi cha mafupa anatifunsa funso limodzi lokha: "Munamnyamula bwanji?" Titafotokoza sanatikalipire. Anangoti palibe munthu angalumbire kuti mtsempha unawonongeka liti, pogwa kapena panjira, koma tidziwe kuti fupa lothyoka likapindidwa limasanduka mpeni. Bamboyo sanayendenso kufikira lero. Ndiye amene wandipempha kuti ndilembe nkhaniyi, ndipo ndailemba nditakhala pansi ndi anamwino ndi madokotala, kuti manja a mabanja ena asadzasenze chisoni chimene asenza manja anga.

MMENE MULUNGU ANAUMANGIRA MSANA

Aliyense amene anasendapo mbuzi adziwa kuti msana si fupa limodzi ngati mtanda wa denga. Msana wa munthu ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kuseri kwa chifuwa kumene kwagwira nthiti, 5 m'chiuno, ndipo totsalato tili kumunsi kwenikweni, togwirana pamodzi.

Pakati pa fupa ndi fupa linzake pali kanthu kofewa kamene madokotala amakatcha disiki. Ine ndidzakatcha nkhata, pakuti ntchito yake ndi yomweyo ya nkhata imene amayi amaika pamutu posenza mtsuko, ndiyo kulandira kulemera kuti mafupa asakhulane. Nkhata zimenezi zilipo 23. Kunja kwake n'zolimba ngati luzi lopota, koma m'kati muli zofewa ngati phala lozizira.

Kumbuyo kwa nkhatazo, m'kati mwa timafupa tija, muli mphako yochokera kumutu kutsikira m'chiuno. M'mphakomo mumadutsa chingwe choyera ndi chofewa, chonenepa ngati chala chaching'ono cha kudzanja. Uwu ndiwo mtsempha waukulu wa msana. Si mtsempha wa magazi ayi, ndi wa mauthenga. Mutu ukafuna kuti phazi liponde, uthenga umatsika mmenemo. Phazi likaponda munga, uthenga umakwera mmenemo. Ngakhale kudziwa kuti chikhodzodzo chadzaza, ndi kutha kudzigwira mpaka ufike kuchimbudzi, zonsezi zimadalira mtsempha womwewu ndi nthambi zake zimene zimatulukira m'mipata ya mafupa, kumanja ndi kumanzere.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Fupa likathyoka limagwirananso. Koma mtsempha waukuluwu ukaduka kotheratu, kufikira lero palibe dokotala pa dziko lonse lapansi amene angaulumikize. Choncho pa vuto lililonse la msana funso loyamba n'lakuti, kodi mtsempha uli pangozi?

KUWAWA KWA MASIKU ONSE

Tiyambe ndi nkhani yotonthoza. Kuwawa kwa msana kochuluka sikukhudza mtsempha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni anali kumva kuwawa m'munsi mwa msana, ndipo linanena kuti mwa anthu 10 otere, pafupifupi 9 sapezeka ndi nthenda yeniyeni imene dokotala angailoze ndi chala. Kawirikawiri imakhala minofu yotopa kapena yokokeka.

Ife alimi sitifunika kuuzidwa gwero lake. Timawerama pa mizere kuyambira mbandakucha, timanyamula matumba a feteleza ndi a chimanga a makilogalamu 50, amayi amasenza nkhuni mwana ali kumbuyo, anyamata amapalasa njinga zolemedwa ndi makala. Kuwawa kotere nthawi zambiri kumachepa kokha pakapita milungu yowerengeka.

Kale anthu ankauzidwa kuti agone pa mphasa mpaka msana upole. Lero madokotala apeza kuti kugona masiku ambiri kumaumitsa msana ndi kufooketsa minofu. Pumulani tsiku limodzi kapena awiri ngati ululu wakula, kenaka dzukani, yendani pang'onopang'ono, gwirani tintchito topepuka. Kuthowa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kumathandiza. Mankhwala opha ululu monga brufen ndi diclofenac, amene ambiri timangogula pa kantemba, ndi a masiku owerengeka okha ndiponso a pamimba pokhuta. Akamwedwa mwezi ndi mwezi amaboola zilonda m'mimba ndi kuwononga impso, ndipo amayi oyembekezera asamwe popanda mawu a kuchipatala. Mu Disembala 2023 bungwe lomwelo la WHO linalangiza kuti kwa anthu a msana wowawa nthawi yaitali, malamba omanga m'chiuno, kukoka msana ndi mankhwala amphamvu oledzeretsa si njira yabwino. Linalimbikitsa kuphunzitsa wodwala za vuto lake ndi kulimbitsa thupi.

Ponyamula thumba, pindani mawondo, msana ukhale wowongoka, katundu akhale pafupi ndi mimba, ndipo musapotoke chiuno muli chinyamulire. Thumba la feteleza ndi la anthu awiri. Mutu umodzi susenza denga.

NKHATA IKAPHULIKA

Nthawi zina khungu lolimba la nkhata lija limang'ambika, zofewa za m'kati n'kutumphukira kunja ndi kupsinja nthambi ya mtsempha imene ikutuluka pafupi. Izi zimachitika kwambiri kwa anthu a zaka zapakati pa 30 ndi 50, ndipo kawirikawiri pa nkhata ziwiri za kumunsi kwenikweni kwa chiuno, pakuti ndizo zimasenza thupi lonse. Madokotala awiri a ku Boston, William Mixter ndi Joseph Barr, ndiwo anaonetsa poyera m'chaka cha 1934 kuti kuphulika kwa nkhata ndiko kumadzetsa ululu wotsikira m'mwendo.

Chizindikiro chake n'chodabwitsa, chifukwa vuto lili m'chiuno koma chimene chimalira ndi mwendo. Ululu umayambira pa thako, n'kutsika kuseri kwa ntchafu, kupitirira bondo, mpaka kuphazi, ngati moto kapena ngati kulasa kwa singano. Munthu akatsokomola, akayetsemula kapena akakhala pansi nthawi yaitali, ululu umakula. Phazi limachita dzanzi. Dokotala amamgoneka wodwalayo chagada ndi kukweza mwendo uli chiwongokere, ndipo ululu uja ukathamanga kutsika m'mwendo, amadziwa kuti mtsempha wapsinjika.

Kwathu kuno matenda otere timawamasulira msanga. Timati munthu waponda mankhwala kumunda, kapena amtchera chifukwa cha mkangano wa malire. Ndaonapo abale a mimba imodzi ataleka kulonjerana, ndi agogo osalakwa atalozedwa chala, chifukwa cha mwendo wa munthu amene anangonyamula thumba molakwika. Mphini zotemedwa pakhungu sizifika pa nkhata imene ili m'kati mwa mafupa, ndipo lumo limodzi lotemera anthu ambiri limagawa matenda a m'magazi. Mkhristu asanaloze mnzake chala, ayambe waloza njira ya kuchipatala.

Chosangalatsa n'chakuti anthu ambiri a vuto ili amachira popanda opaleshoni, pakapita milungu 6 kufikira 12. Thupi lenilenilo limayamwa pang'onopang'ono zotumphuka zija, mtsempha n'kupeza mpata. Zofunika ndi mankhwala ochepetsa ululu, kuyendayenda, kuleka katundu wolemera, ndi malangizo a akatswiri olimbitsa ziwalo, amene kuchipatala amawatcha a fizio. Opaleshoni imabwera pamene ululu wakana kutha patapita miyezi, kapena pamene mwendo ukunka nufooka. Pamenepo dokotala amangochotsa kachidutswa kamene kakupsinja mtsempha.

FUPA LIKATHYOKA

Kuthyoka kwa msana ndi nkhani ina. Kumabwera ndi ngozi: kugwa mumtengo, kugwa padenga pofolera, kugwera m'chitsime, kugubuduzika kwa ngolo, kugumukiridwa ndi dothi pokumba mchenga kapena dothi la njerwa, ndiponso masiku ano njinga zamoto zimene zadzaza m'misewu yathu. Malo amene amathyoka kawirikawiri ndi pamene pathera nthiti ndi kuyambira chiuno, ndiponso m'khosi. Pa ngozi yaikulu fupa ndi nkhata zimatha kuwonongeka pamodzi.

Kuthyoka kwina kumakhala kongophwanyika kutsogolo kwa fupa, msana wonse uli chilimbire. Kwina fupa limasweka zidutswa kapena kusuntha pamalo pake, ndipo zidutswazo zimakhala moyandikana ndi mtsempha. Ndi maso okha palibe angasiyanitse mitundu iwiriyi. Munthu amatha kugwedeza zala, ngakhale kuimirira ndi kuyenda, fupa lili lothyoka. N'chifukwa chake aliyense amene wagwa kuchokera pamwamba kapena wachita ngozi ya pamsewu, nadandaula khosi kapena msana, timuyese wothyoka msana kufikira achipatala atanena kuti ayi.

Pali kuthyoka kwinanso kosachita phokoso. Amayi akasiya kusamba mafupa awo amayamba kupepuka ndi kufumbwa m'kati, monga achitira anankafumbwe ndi chimanga. Agogo amangoterereka pakhomo pa bafa, kapena kunyamula ndowa, fupa la msana n'kuphwanyika. Mukaona agogo adandaula msana mwadzidzidzi, akufupika msinkhu ndi kuwerama, musangoti ndi ukalamba. Apite akaunikidwe.

Tisaiwalenso chifuwa chachikulu. TB siikhala m'mapapo mokha. Imalowanso m'mafupa a msana ndi kuwadya pang'onopang'ono mpaka atafwamphuka, pamsana n'kutuluka linunda losongoka. Dokotala wa ku England, Percivall Pott, analongosola nthendayi m'chaka cha 1779. Zizindikiro zake ndi msana wowawa miyezi osaleka, makamaka usiku, kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku. Anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV ndiwo ali pangozi yoposa. Ikapezeka msanga imachizika ndi mankhwala a TB, amene ndi aulere m'zipatala za boma, ngakhale amafunika kumwa miyezi yambiri, kawirikawiri mpaka chaka chathunthu. Ikachedwa imapha miyendo.

ZIZINDIKIRO ZOSADIKIRA KUCHA

Makolo anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Zina mwa zizindikiro izi n'zochititsa manyazi kuzitchula pamaso pa apongozi, koma munthu wa msana wowawa akaona chimodzi mwa izo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

1. Mkodzo ukukana kutuluka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka zokha.

2. Dzanzi kumalo obisika, pakati pa ntchafu ndi kumatako, malo amene amakhudza chishalo cha njinga.

3. Miyendo yonse iwiri ikufooka kapena kuchita dzanzi, kapena phazi likukwakwaza pansi poyenda.

4. Ululu unayamba ndi kugwa kapena ngozi.

Zizindikiro zitatu zoyambazo zimasonyeza kuti mitsempha ikupsinjika koopsa, ndipo pamenepo madokotala amawerenga maola, osati masiku. Palinso zina zofuna kuti munthu akaonedwe m'masiku owerengeka: kuonda, kutentha thupi, ululu wodzutsa usiku, msana wowawa mwa mwana wamng'ono, kapena mwa munthu amene anadwalapo khansa.

KANYAMULIDWE KOPULUMUTSA

Mu Uthenga Wabwino wa Marko Woyera, mutu 2, timawerenga za munthu wofa ziwalo amene anafika kwa Ambuye Yesu ku Kapernao atanyamulidwa ndi anzake anayi. Ndaphunzitsa nkhani imeneyi zaka zambiri, ndipo ndinkaona chikhulupiriro chawo chokha. Tsopano ndimaonanso chiwerengero chawo. Anali anayi, ndipo wodwalayo anamnyamula ali chigonere. Ngozi ikagwa m'mudzi mwanu, kumbukirani anthu anayi ndi chitseko chimodzi.

Choyamba, musamdzutse, musamkhazike tsonga, musamuimiritse kuti muone ngati angayende. Musamkoke miyendo, musamsisite, musayese kuwongola chimene chapindika. Mumsunthe msanga pokhapokha ngati pali moto, madzi kapena dothi loti limgumukira.

Chachiwiri, munthu mmodzi agwade kumutu, agwire mutuwo ndi manja awiri kuti ukhale molunjika ndi thupi, ndipo asausiye. Alankhule naye modekha ndi kumuuza kuti asagwedeze khosi. Ngati wavala chisoti cha njinga yamoto, musachivule, pokhapokha ngati chikumlepheretsa kupuma.

Chachitatu, imbani foni ku kiliniki yapafupi. Ngati ambulansi ingabwere, idikireni. Musampatse madzi, chakudya kapena mowa, pakuti angatsamwe, ndiponso mwina afunika opaleshoni.

Chachinayi, ngati palibe kuchitira mwina koma kumnyamula nokha, zulani chitseko kapena pezani thabwa lalikulu, muyalepo bulangete. Wogwira mutu uja ndiye alamule. Anthu ena atatu agwade mbali imodzi, wina pa mapewa, wina m'chiuno, wina ku miyendo. Pa mawu amodzi amtembenuzire kwa iwo thupi lonse nthawi imodzi, monga tigubuduzira chipika, mutu, chifuwa ndi chiuno zisasiyane. Wina alowetse chitseko kumsana, ndipo amgonekenso pa mawu amodzi. Ikani zitenje zokulunga mbali zonse ziwiri za mutu, ndipo mummange ku chitsekocho ndi zitenje pa chifuwa, m'chiuno ndi m'miyendo, mosathina. Akafuna kusanza, pendeketsani chitseko chonse.

Chachisanu, musamnyamulire m'bulangete kapena m'machila olendewera, musamkweze pa njinga, ndipo musampinde pa mpando wa galimoto. Agone pa chitseko chake m'ngolo kapena kumbuyo kwa galimoto yotseguka, pansi pa chitseko mutaika udzu kapena matiresi, wina atagwirabe mutu. Woyendetsa ayende mofatsa. Kuthamanga sikufika.

Pomaliza, kumbukirani zimene munaona pachiyambi: anagwa nthawi yanji, kuchokera pati, ndipo kodi manja ndi miyendo zinali kugwedera? Dokotala adzafuna kudziwa zimenezi.

ZIMENE ACHIPATALA ADZACHITA

Ulendo umayambira pa kiliniki kapena pa chipatala chathu cha boma la Chadiza. Kuchokera apo wodwala angatumizidwe ku St Francis ku Katete, chipatala chimene chinayamba m'chaka cha 1948 ndipo chimayendetsedwa ndi mpingo wa Anglican pamodzi ndi mpingo wathu wa Katolika, kapena ku Chipata Central Hospital. Milandu yovuta imapita ku University Teaching Hospital ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 550 kuchokera ku Chipata. Dziko lathu lakhala ndi madokotala a mafupa ochepa kuyambira kale, ndipo n'chifukwa chake m'chaka cha 1982 dokotala John Jellis anayamba kuuluka pa kandege kukachita maopaleshoni m'zipatala za kutali, ntchito imene inadziwika ndi dzina lakuti FlySpec.

Dokotala amayamba ndi manja ake. Amapapasa msana, amayesa mphamvu za manja ndi miyendo, amagunda bondo ndi kanyundo, amakhudza khungu malo ndi malo kuti aone pamene kumva kwalekezera. Amayesanso kumalo obisika, ndipo zimenezi si chipongwe, ndi njira yodziwira ngati mitsempha ya kumunsi ili moyo. Kenaka amajambula. X-ray imaonetsa mafupa koma siionetsa nkhata kapena mtsempha. Makina a CT amaonetsa kusweka kwa fupa mwatsatanetsatane, pamene a MRI ndiwo amaonetsa nkhata ndi mtsempha. Makina awiri otsirizawa amapezeka m'zipatala zazikulu zokha. Dziwaninso kuti msana wowawa wa masiku onse sufuna kujambula. Dokotala akakuuzani kuti X-ray siifunika, sanakunyozeni.

Fupa lothyoka limene silinasunthe limachizidwa ndi mankhwala a ululu, kugona mosamala, ndipo nthawi zina chovala cholimba chogwira msana kapena khosi. Limagwirana pakapita miyezi itatu kapena kuyandikira apo. Fupa losweka kapena losuntha limafuna opaleshoni yochotsa chimene chikupsinja mtsempha ndi kumanga mafupa ndi tizitsulo. Kumene opaleshoni siitheka, wodwala amagonekedwa milungu yambiri akutembenuzidwa mosamala mpaka fupa litagwira. Ngati mtsempha unangopsinjika kapena kuvulala mbali imodzi, mphamvu zimatha kubwerera pang'onopang'ono m'miyezi yotsatira. Choncho musamthawitse wodwala m'chipatala usiku kuti mukayese kwina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

AKABWERERA KUMUDZI

Ena, monga mnzanga uja, amabwerera kwawo miyendo itafa. WHO imati pa dziko lonse pali anthu oposa 15 miliyoni amene ali moyo ndi mtsempha wa msana wovulala. Kale ambiri otere ankafa m'miyezi yochepa, ndipo chowapha sichinali msana, koma zilonda zogonera ndi matenda a m'chikhodzodzo. Dokotala Ludwig Guttmann, amene anatsegula chipinda cha odwala otere pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England m'chaka cha 1944, anaonetsa kuti imfa zimenezi n'zopeweka. Lamulo lake linali lakuti wodwala atembenuzidwe maola awiri alionse, usana ndi usiku. Odwala ake anakhala moyo, naphunzira ntchito, ndipo masewera amene anawayambitsira mu 1948 ndiwo anabala mpikisano wa dziko lonse wa anthu olumala, umene unachitika koyamba ku Roma mu 1960.

Lamulo limenelo silifuna ndalama, lifuna anthu. Munthu wosamva khungu lake sadziwa kuti mphasa ikumdya. Mtembenuzeni, muyang'aneni tsiku ndi tsiku pa matako, m'chiuno ndi ku zidendene, ndipo mukaona pofiira kapena pakuda posachoka, pasagonedwenso mpaka patapola. Pogona pakhale pofewa, pouma ndi popanda makwinya. Amwe madzi ambiri, asamale kapaipi ka mkodzo monga anamwino anaphunzitsira, adye ndiwo zamasamba ndi zipatso kuti m'mimba musaume. Mupinde ndi kuwongola miyendo yake tsiku lililonse kuti isaumirire. Musamuike pafupi ndi moto, pakuti angapse osadziwa. Akatentha thupi kapena mkodzo ukayamba kununkha, msanga kuchipatala.

Mayi mmodzi sangathe zonsezi yekha, ndi kulimanso, ndi kulera ana. Apa ndipo pamene mphakati uyenera kuoneka kuti ndi banja. Tigawane masiku ochezera ndi kutembenuza wodwala. Timlimire munda. Tikonze khomo la nyumba yake ndi la tchalitchi kuti njinga ya olumala ilowe. Tiitane ansembe adzampatse Sakramenti la Kudzoza Odwala, limene si la anthu oti akufa okha, ndipo Ukaristia uzimfika kunyumba. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anakhazikitsa mu 1992 Tsiku la Odwala, limene timalikumbukira pa 11 Febuluwale, koma wodwala wa msana amafuna kutembenuzidwa masiku onse a chaka. Ndipo tisamchotse pa maudindo. Miyendo ndiyo yafa, mutu ndi mtima zili moyo.

Mnzanga uja lero amasoka nsapato pakhonde pa nyumba yake, ndipo ndiye mlembi wa mphakati wawo. Ana ake onse anapita kusukulu. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi. Nditapita kukampepesa anangoti, "Aphunzitsi, simunadziwe. Koma tsopano mwadziwa, ndiye kauzeni anthu."

Chaka chatha mnyamata wina anagwa padenga pokhoma malata m'mudzi woyandikana nawo. Anthu atathamangira kuti amdzutse, mkazi wa mnzangayo ndiye anawaletsa ndi mfuu, nalamula kuti azule chitseko cha nyumba yake. Anamnyamula anthu anayi, wachisanu atagwira mutu. Kuchipatala anapeza fupa la m'chiuno litasweka. Anagona nthawi yaitali, koma pa Pasaka analowa m'tchalitchi ndi miyendo yake, atagwira ndodo. Sikuti aliyense wonyamulidwa bwino adzayenda, pakuti ena mtsempha umaduka pa kugwa pomwepo. Koma mwayi umene watsala tisamlande ndi manja athu.

Pempho langa kwa atsogoleri a miphakati ndi ili: pa msonkhano wanu wa mwezi uno, mukatha kugawana Mawu a Mulungu, werengani gawo la kanyamulidwe lija mokweza. Kenaka mnyamata mmodzi agone pansi, mubweretse chitseko, ndipo muyesere mpaka manja azolowere. Ana adzaseka, akulu adzachita manyazi, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ambuye amene anayamikira chikhulupiriro cha anthu anayi aja adalitse manja anu.